Yankho kwa amalume pa nkhani ya mitengo ya Khirisimasi

Amalume, ndamva funso lanu lakuti kodi n'zotheka kudzala mitengo ya Khirisimasi pamunda wa ku Dedza uja, monga amachitira pafamu imene ndikugwira ntchito kuno ku Scotland.

Mtengo umene anthu amagula kwambiri kuno ndi Nordmann fir, umene njere zake zambiri zimachokera kumapiri a dziko la Georgia. Umafuna kuzizira kwa kuno, choncho kwathuko sungachite bwino. Umakulanso mochedwa, chifukwa kuti ufike mamita awiri pamapita zaka 8 mpaka 10, ndipo chaka chilichonse timaudulira nsonga za nthambi kuti ukhale wotambalala m'munsi ndi wosongoka kumwamba. Ukapindika kapena ukaphuka nsonga ziwiri, wogula amangoudutsa. Ndalama ya chaka chonse imalowa m'masabata ochepa, kuyambira kumapeto kwa Novembala, ndipo mtengo wodulidwa umene wafika pa 26 Disembala osagulidwa ndiye kuti walowa m'madzi.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi msika. Mabanja ambiri kwathu amene amakongoletsa nyumba amagula mtengo wapulasitiki kamodzi n'kumausunga zaka zambiri, kotero ogula anu angakhale mahotela, malo ogona alendo ndi mipingo ina ya ku Lilongwe. Ndikupemphani kuti muyambe mwalankhula nawo musanakumbe dzenje ngakhale limodzi.

Maganizo anga ndi akuti mudzale paini, amene amakula bwino ku Dedza, Zomba ndi Chikangawa, koma cholinga chenicheni chikhale matabwa. Mudzale mothithikana pang'ono, kuti podzapatulira mitengo ikadali yaing'ono, yooneka bwinoyo mudzaigulitse pa Khirisimasi, yotsalayo ipitirize kukula. Dziwani kuti paini wa mtundu wotchedwa patula ali ndi masamba olendewera ndi nthambi zofewa, zimene zimawerama mukapachikapo zokongoletsa zolemera. Saipuresi amaumbika bwino, koma nsabwe zake zinawononga mitengo yambiri m'Malawi kuyambira mu 1986, choncho ameneyo musachulutse.

Popeza kwathu Disembala ndi wotentha, mtengo wodula umafota msanga. Mitengo ina muilere m'zidebe, kuti muzibwereketsa kumahotela n'kukaitenganso mu Januwale. Mbande mukafunse kwa alangizi a zankhalango mvula isanakhazikike, ndipo chilimwe chilichonse muzilambula m'malire mwa munda kuti moto wolusa usalowe.