Kusiya kusamba ndi timabotolo ta "mankhwala achilengedwe": tinene bwanji?

Mayi wina wa ku Rosettenville kuno ku Joni wandilembera motere: "Ndili ndi zaka 49. Msambo ukubwera modumphadumpha, ndipo usiku ndimadzuka thukuta lili kamukamu. Pa gulu lathu la WhatsApp la amayi a kumpingo tikulangizana za timabotolo togula ku Clicks ndi ku Dis-Chem, koma aliyense akulemba menopause, hot flushes, natural supplements. Apongozi anga akandifunsa pafoni ndimasowa mawu. Kodi Chichewa chake chilipo?"

Zikomo mayi. Chichewa chake chilipo, ndipo pena n'cholunjika kuposa Chingerezi mukubwerekacho.

Menopause ndi kusiya kusamba. Ena amati kuleka kusamba, ndipo onsewa akukhoza. Mwana wobadwira kuno akamva kuti azakhali asiya kusamba angaganize za sopo ndi madzi, koma wamkulu aliyense wa kwathu amamva msanga, chifukwa kusamba ndi mawu aulemu amene makolo anafunditsira nkhani ya mwezi ndi mwezi. Ine ndimakhulupirira kuti anachokera pa kusamba kwenikweni kumene mayi ankachita masiku ake akatha, kuti ayambenso kuthira mchere m'ndiwo, ndipo dzina loti msambo linaphuka pomwepo. Timanenanso kuti "ali kumwezi", ndipo apa pali chimene chimandikondweretsa. Mawu achingereziwo anawapanga ndi dokotala wa ku France, Charles de Gardanne, mu 1821, polumikiza mawu awiri a Chigiriki, ena otanthauza mwezi, ena otanthauza kuleka. Choncho amene akulemba "menopozi" akukapempha moto kwa anansi chikhalirecho pamafuwa pake pakuyaka.

Pamene pangakhale chisokonezo onjezerani kuti "chifukwa cha kukula", pakuti woyembekezera nayenso sasamba, chimodzimodzi amayi ambiri obaya jakisoni wolerera. Achipatala amati mayi wasiya kusamba pakatha miyezi 12 yotsatizana osaona msambo, ndipo ambiri zimawafikira ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Inuyo nenani kuti mukuyandikira kusiya kusamba.

Chimene ndikukupemphani musalembe ndi "kutha msinkhu". Ndinachiona papepala lina lomasuliridwa mothamanga, ndipo chinandipweteka mtima. Womasulirayo anaona mneni woti kutha, nkuganiza kuti zaka zobereka zatha. Kutha msinkhu ndi za namwali amene wangogwa pansi kumene. Ndi khomo lolowera, pamene ife tikukamba za lotulukira.

Hot flushes musamati "kutentha thupi". Kwa Mmalawi kutentha thupi ndi malungo, ndipo apongozi anu akamva zimenezo adzakuuzani kuti mukayezetse magazi. Nenani kuti "ndikumatentherwa mwadzidzidzi", kapena "moto ukumandikwera kuchokera pachifuwa mpaka kumaso". Kutentherwa kuli bwino chifukwa kukuonetsa kuti chinthucho chikukugwerani, chikhala mphindi zochepa, nkuchoka. Gwero lake ndi kuchepa m'thupi kwa mahomoni a amayi otchedwa estrogen, kumene kumasokoneza mbali ya ubongo yoyang'anira kutentha ndi kuzizira. Za usikuzo ndi thukuta la usiku basi, koma kumbukirani kuti mawu omwewa ndi chizindikiro cha TB. Likabwera pamodzi ndi chifuwa chosatha ndi kuonda, musangoti n'kukula.

Ndikakumbuka kwathu ndimaona kuti chilankhulo chinasunga chinthu chozama pamenepa. Pa mwambo wa Achewa, anthu amene akukhala malo amodzi m'banja ndi "otentha", pamene ana ndi okalamba ndi "ozizira". Agogo anga aakazi ndiwo ankaitanidwa kudzathira mchere pamene mpongozi wawo ali kumwezi, poopa mdulo, ndipo ankabwera ndi ulemerero wa munthu amene wawoloka mtsinje. Mayi asanafike pa kuzizira kumeneko amadutsa kaye m'moto. Sindinamvepo agogo akutchula nyengoyi ngati matenda.

Tsopano pa natural supplements, ndipo apa ndipo pagona mtima wanga. Kumasulira kumene kwafala ndi "mankhwala achilengedwe". Ndikukana. Chilengedwe chinachokera ku mneni woti kulenga, ndipo Mchewa akamva mawuwa amaganiza za dzanja la Namalenga, nkuona ngati chinthucho sichingamupweteke. Koma mwabvi umene unkapha anthu pa milandu ya ufiti ndi khungwa la mtengo. Utomoni wa nkhadze ukagwera m'diso umawononga. Bowa wakupha amamera m'tchire momwemo mmene mumamera wodyedwa. Zonsezi n'zachilengedwe.

Ena amati "mankhwala owonjezera mphamvu". Awa ndiye ayi ndithu, chifukwa aliyense aganiza za gondolosi ndi nkhani za abambo.

Chingerezi chaunjika zinthu ziwiri zosiyana m'thumba limodzi, ndipo ife tiyenera kuzilekanitsa. Zina ndi zowonjezera pa chakudya, monga calcium ndi vitamini D. Izi sizithetsa kutentherwa. Ntchito yake ndi kuteteza mafupa, amene amayamba kufooka msanga estrogen ikachepa. Ndipo usipa ndi matemba amene amatsika pa mabasi ochokera kumudzi, poti timadya ndi minga yomwe, ali ndi calcium wochuluka, monganso bonongwe ndi masamba a chammwamba.

Zinazo ndi mankhwala azitsamba, ndipo tizitchule choncho ngakhale zili m'kabotolo kokongola ka ku shopu. Black cohosh ndi muzu wa chomera cha ku North America. Amayi ena amati umawachepetsera kutentherwa, koma kafukufuku sagwirizana, ndipo mu 2006 oyang'anira mankhwala ku Ulaya anachenjeza kuti ungathe kuvulaza chiwindi. Red clover ndi soya zili ndi ma isoflavone, amene amatsanzira estrogen mofooka. Kwa ena amathandizako pang'ono, ndipo phala la soya lija timalidziwa kale, koma mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere asamwe mapilitsi ake asanafunse dokotala. St John's wort, amene ambiri amamwera kukhumudwa ndi kusowa tulo, ndiye woopsa kwa ife: amachititsa kuti chiwindi chichotse msanga mankhwala ena m'magazi, kuphatikizapo ma ARV ndi mapilitsi olerera. Mayi amene wakhala bwinobwino zaka zambiri pa mankhwala otalikitsa moyo angadzibwezere m'mbuyo ndi kabotolo kamene mnzake wa kumpingo anamupatsa mwachikondi. Tembenuzani kabotoloko muwerenge timalemba tating'ono. Pa ambiri mupeza palembedwa kuti SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala muno mu South Africa, silinawaunike.

N'chifukwa chake ndimakonda mawu athu oti mankhwala. Sanyengerera munthu. Pali mankhwala a chifuwa, pali mankhwala a makoswe, pali opopera m'munda wa thonje, ndipo tikamati "anamudyetsa mankhwala" palibe amene amaganiza kuti anamuchiritsa. Mawu amodzi anyamula kuchiza ndi kupha, ndipo amene wawamva amadziwa kuti pali muyeso. Anzathu a Chizulu amati umuthi, kutanthauza mtengo komanso mankhwala, ndipo ndi mawu amene mumamva pa msika wa zitsamba wa Faraday kuno ku Joni. Pa Chiyao mtela ulinso chimodzimodzi. Makolo a mitundu yonseyi sankasiyanitsa muzu ndi mankhwala. Kusiyanitsako kwabwera ndi otsatsa malonda.

Vuto la mawu olakwika limaonekera kuchipatala. Namwino akafunsa ngati mukumwa mankhwala ena, mayi amayankha kuti ayi ndi mtima woyera, chifukwa m'mutu mwake za m'chikwamazo ndi "zachilengedwe chabe". Ndinaperekeza mlongo wanga tsiku lina ndipo ndinamumva ndekha akuyankha choncho, timabotolo titatu tili pamiyendo pake. Akanakhala kuti ankatitchula mankhwala azitsamba kuyambira pachiyambi, akanatitulutsa. Muwauzenso anzanu a pagulupo kuti kutentherwa kukafika posowetsa tulo, achipatala ali ndi mankhwala obwezeretsa mahomoni, ndiponso kuti kuona magazi patatha chaka mutasiya kusamba si msambo wobwerera. Kumeneko n'kothamangira nako kuchipatala, osati ku zitsamba.

Apongozi akaimbanso, auzeni motere: "Amayi, ndikuyandikira kusiya kusamba. Ndikumatentherwa mwadzidzidzi, makamaka usiku. Anzanga andilangiza mankhwala azitsamba, koma ndikufuna ndikawaonetse kaye kuchipatala." Adzamva zonse, ndipo poti iwo anadutsamo kale, mwina adzakhala ndi zambiri zoti akuuzeni.