Kodi nkhani ya mfiti ingaseketse munthu?

Mayi wina wandilembera imelo kuti mwana wake wa kusekondale akuwerenga buku la Terry Pratchett, mlembi wa ku England, lotchedwa Lords and Ladies, ndipo akumamumva akuseka yekha kuchipinda pamene bukulo likunena za mfiti. Akufunsa ngati n'koyenera kumulanda. Funso lanu, mayi, landifika pamtima chifukwa landikumbutsa agogo anga.

Agogo anali azamba. Ana ambiri a m'mudzi mwathu anabadwira m'manja mwawo, ndipo pakagwa maliro a munthu wamkazi, ndi iwo amene ankasambitsa thupi ena akuopa ngakhale kusuzumira m'nyumbamo. Atakalamba, maso atafiira ndi utsi wa nkhuni, mwana wa nyumba yoyandikana nafe anamwalira ndi malungo, ndipo anthu omwewo anayamba kunong'onezana kuti agogo ndiwo amudya. Sindidzaiwala tsiku limene anabwerera kuchokera kumjigo ndowa ili yopanda madzi, chifukwa amayi anzawo anakana kuti iyandikire zawo. Sanalire. Anangokhala pakhonde n'kuyamba kusenda chinangwa. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana, choncho ndikumvetsa chifukwa chake mawuwa saseketsa kwathu kuno.

Pamenepa ndi pamene ndikusiyana ndi owerenga amene amati bukuli limachemerera ufiti. Linatuluka mu 1992, ndipo amayi ake okalamba, Granny Weatherwax ndi Nanny Ogg a m'dziko lopeka la Lancre, ngakhale amauluka pa tsache monga mwa nthano za ku Ulaya, ntchito yawo yeniyeni ndi ya agogo anga: kubereketsa, kupereka mankhwala, kuchezera odwala usiku wonse. Mawu athu akuti mfiti sakuwayenera m'pang'ono pomwe. Oipa m'nkhaniyi ndi ma elf, zolengedwa zokongola, zoimba mokoma, zimene zimazunza anthu ndi nyama mongosewera chifukwa zilibe chisoni, ndipo mphamvu yawo ndi yopangitsa munthu kudziona wachabechabe pamaso pawo. Achinyamata amakopeka nazo, koma amene akukumbukira nkhanza zawo ndi nkhalamba zonyozekazo.

Wolembayo sanazipeke zonse. Anthu akale a ku Britain ndi Ireland ankaopadi zolengedwa zotere mpaka ankazitchula mayina aulemu kuti zisakwiye, ndipo ankakhulupirira kuti chitsulo chimazithamangitsa. Mantha amenewo anaphanso anthu: mu 1895, ku Tipperary m'dziko la Ireland, Bridget Cleary anatenthedwa ndi mwamuna wake amene ankati mkazi wake weniweni wabedwa ndi zolengedwazo ndipo zamusinthanitsa ndi china. Nditamva zimenezi ndinadziwa kuti nthabwala za m'bukuli zinachokera kwa anthu amene anaionapo mbali yowawa ya chikhulupiriro chotere. Ine ndinaseka powerenga, koma pamene Granny Weatherwax anaima yekha osagonja pamaso pa mfumukazi ya ma elf, ndinaona agogo pakhonde paja ndipo ndinagwetsa misozi.

Musamulande bukulo, mayi. Dziwani chabe kuti nthabwala zina za Nanny Ogg ndi za akuluakulu, choncho werenganiko nanunso, kenako mumufunse mwanayo kuti woopsa m'nkhaniyi ndani komanso chifukwa chake.