Za 45000 ya mu temp1_input ija

Achimwene, mwafunsa ngati laputopu yanu yapsa ndi dzuwa la Okutobala la kuno ku Harare poti ikulemba 45000 mu temp1_input, fayilo ya Linux yoonetsa kutentha kwa m'kati mwa makina. Ayi mtima m'malo, amenewo ndi madigiri 45 basi, ingogawani ndi 1000. Anthu a Linux anachita kupangana dala kuti draiva aliyense (kapulogalamu kolankhula ndi chipangizo) azitchula mofanana mafayilo a mu /sys/class/hwmon, foda ya zoyezera kutentha, mafani ndi magetsi, fan1_input ndi kuzungulira kwa fani pa mphindi, in0_input ndi mamilivoti, ndipo muonetsetse, manambala a m'mayina a mafayilo a mamilivoti amayambira pa 0 pomwe a kutentha amayambira pa 1. Ine zimenezi zimandisangalatsa zedi chifukwa pulogalamu ya sensors, yomwe imaonetsa miyezo imeneyi, imangowerenga osasamala kuti chip yoyezerayo anapanga ndani. Koma nambala ya pa dzina la foda ya chip, monga hwmon0, musayidalire, imatha kusintha mukayatsanso makina, yambani mwatsegula fayilo ya name, yomwe imatchula dzina la chip.