Webusayiti ya chi Japan: musangochotsa, sankhani chotsala

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti: "Achimwene, ndikupanga webusayiti yogulitsira makapu ndi mbale zadothi, ndikufuna izioneka mwa chi Japan, yosadzadza. Ndachotsa zambiri koma ikungooneka ngati sinathe. Ndikulakwitsa pati?"

Achemwali, kuchotsako mwachita bwino, koma simunasankhe chimene chitsale. M'nyumba zachikale za ku Japan mumakhala kamalo kolowa m'khoma kotchedwa tokonoma, pamenepo amapachikapo chojambula chimodzi, pansi pake mwina duwa limodzi basi, nyengo ikasintha amasinthanso. Kwinako amasiya dala popanda kanthu kuti maso a mlendo angofikira pomwepo, ndiye mpata umenewu amautcha ma, si malo ongotsala ayi, ali pa ntchito. Sen no Rikyu, katswiri wa mwambo wa tiyi amene anamwalira mu 1591, ndi amene amati anakonza kachipinda ka Tai-an kufupi ndi Kyoto, kukula kwake mphasa ziwiri zokha za tatami, chilichonse m'menemo chili ndi chifukwa chake.

Ndiye inu tsamba loyambalo ikanipo kapu imodzi, yaikulu bwino, mtengo wake, ndi batani limodzi logulira. Kapuyo ijambuleni pawindo m'mawa, osaipaka mafiluta, pamene chala chanu chinadinda dothi pazioneka, pamene moto unadetsa mbali imodzi pazionekanso. Wabi-sabi ndi imeneyo, kukongola kwa chinthu chosasalala chimene chagwidwa ndi manja, ndipo inu muli nayo kale m'dothi lanulo moti ine ndingadandaule kwambiri mutaibisa. Mitundu ya tsambalo itengeni pa kapu yomweyo. Fonti imodzi, kutanthauza mtundu umodzi wa zilembo, ikukwana.

Chonde zilembo zikhale zakuda zooneka, zotuwa zija pa foni padzuwa munthu saziwerenga. Nambala yanu ya WhatsApp musaibise ati kuti pazioneka poyera, wogula akasowa pokupezani amangotuluka. Maluwa a sakura ndi zilembo za chi Japan zotchedwa kanji zoti simukuzidziwa tanthauzo zisiyeni.

Mwa njira, musaganize kuti mawebusayiti onse a ku Japan ndi otere, tsegulani Rakuten kapena Yahoo! Japan muone m'mene adzadzira. Webusayiti ya Muji, kampani ya ku Japan yogulitsa zovala ndi katundu wa m'nyumba, ndi imene mungaonereko. Chithunzi cha kapucho chichepetseni kulemera musanachikweze, makasitomala anu ambiri akhala akutsegula ndi kabandulo kochepa netiweki ikuvutavuta.