Mwana wanga akufuna kuphunzira SEO: ndi ntchito yodyera kapena akufuna kutidyera?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene amasoka zovala ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg. Mwana wawo wamwamuna, wa zaka 19, analemba matric chaka chatha koma malo ku yunivesite sanawapeze. Pano wapeza koleji ina m'tauni imene ikuti m'masabata 6 imuphunzitsa SEO, luso lokonza webusayiti kuti izituluka pamwamba anthu akamasaka zinthu pa Google. Fizi yake ikufanana ndi zimene mayiwo amapeza pa miyezi iwiri. Mnyamatayo akuti akamaliza azidzalonjeza eni mabizinesi malo oyamba pa Google, ndipo wamva kuti pali anthu ogulitsa motchipa malinki zikwizikwi, mawu odina ochoka pa masamba ena kulozera ku webusayiti yako. Funso la mayiwo ndi lalifupi: ndilipire kapena ndisalipire?

Mayi, ntchitoyo ndi yeniyeni. Makampani otsatsa malonda ku Sandton, Rosebank ndi Randburg amalemba anthu oti azichita zimenezi tsiku lonse, ndipo ena amagwira ali kunyumba kwawo. Mwana wanu sakulota ayi. Koma fiziyo musalipire kaye, chifukwa mawu awiri amene wabwera nawo kunyumba, a malo oyamba ndi a malinki otchipa, ndi omwe amandionetsa kuti amene akumuuza nkhaniyi sakumuuza zonse.

Ndiyambe ndi mmene Google imasankhira. Mlendo akafika ku Rosettenville n'kufunsa kuti telala wabwino ali kuti, amamvera anthu. Akauzidwa ndi abusa, ndi mayi wa pa saluni, ndi mkwati amene munamusokera diresi, onse n'kuloza kwa inu, amabwera osakayika. Larry Page ndi Sergey Brin, amene anayambitsa Google mu 1998, anamanga njira yawo yotchedwa PageRank pa nzeru yomweyi: linki yochoka pa tsamba lina kupita pa lanu ili ngati munthu wokuchitirani umboni, ndipo umboni wa tsamba lodalirika umalemera kuposa wa tsamba losadziwika. Anthu atazindikira izi anayamba kugula maumboni. Zinali ngati inu mutalemba anyamata 200 a pa kona kuti azikuwa dzina lanu pomwe sanavalepo chovala chanu n'chimodzi chomwe.

Kwa zaka zingapo chinyengocho chinkagwira. Kenako mu 2011 Google inabweretsa kusintha kotchedwa Panda, kokankhira pansi masamba opanda nkhani ya phindu, ndipo mu April 2012 inabweretsa Penguin, yolimbana ndi malinki ogula ndi omwazamwaza. Mawebusayiti amene anakwera mwa njira imeneyo anagwa. Lero malinki otere Google imangowanyalanyaza, kapena ikaona kuti zanyanya imalanga webusayiti yonse. Ndiye amene akugulitsa malinki zikwizikwiyo akugulitsa mankhwala amene anatha mphamvu mwana wanu ali ku pulayimale. Chowawa n'chakuti chilango chikabwera sichigwera wogulitsayo. Chimagwera kasitomala amene anakhulupirira mwana wanu, ndipo pakati pa Amalawi a kuno mbiri yoipa imafika ku Cosmo City dzuwa lisanalowe.

Za malo oyamba sinditalikitsa. Google yomwe, m'malangizo ake kwa ofuna kulemba katswiri wa SEO, imachenjeza kuti palibe amene angatsimikize malo oyamba, ndipo imati zotsatira za ntchito yabwino nthawi zambiri zimaoneka pakadutsa miyezi inayi mpaka chaka. Koleji yophunzitsa ana kulonjeza zimene mwini chipangizo akukana, ine ndimaikayikira.

Tsopano ndiyankhule ndi mnyamatayo, poti ndikudziwa kuti muwerengera limodzi. Mphwanga, kasitomala wako woyamba ukudya naye nsima tsiku lililonse. Bizinesi ya amayi ako ndiyo sukulu yako. Tsegula Google Business Profile, tsamba laulere limene limaonetsa bizinesi pa Google Maps, ulembepo dzina la bizinesi, dera, nthawi yotsegula ndi nambala ya foni, n'kutsatira zimene Google ikuuze kuti itsimikize kuti malowo alipodi. Jambula zovala zenizeni zimene amayi asoka, pa kuwala kwabwino, osati zithunzi zotola pa intaneti. Kasitomala akakhutira, m'pemphe mwaulemu alembepo maganizo ake. Usalembe wekha maumboni abodza pogwiritsa ntchito mafoni a anzako. N'chinyengo chomwe chija chavala malaya ena. Kwa telala, makaniko kapena wometa tsitsi, kuoneka pa Google Maps kumabweretsa anthu kuposa china chilichonse, chifukwa wosakayo ali pafupi ndipo akufuna thandizo lero.

Kenako panga webusayiti yaing'ono pa WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti, yokhala ndi dzina lothera ndi .co.za. Apa ndi pamene luso limaonekera, ndipo si luso la makompyuta kwenikweni, ndi luso lomvetsera anthu. Amayi ako amati amasoka zovala za chitenje. Koma mayi wachizulu amene akufuna diresi la ukwati wa mwambo salemba chitenje pa foni yake, amalemba shweshwe. Bambo amene thalauza lake latalika amalemba "alterations" ndi dzina la dera. Mawu amenewa uwapeze pofunsa makasitomala kuti anakupezani bwanji, komanso poona zimene Google imamalizitsa ukayamba kulemba m'bokosi losakira. Ntchito iliyonse ikhale ndi tsamba lake, mutu wake womveka, mitengo yoyambira, ndi mayankho a mafunso amene amayi amafunsidwa mobwerezabwereza: zimatenga masiku angati, nsalu abwere nayo okha kapena ayi, dipoziti ndi ingati.

Tsambalo uliyese pa foni yotchipa, bandulo itatsala pang'ono. Kuyambira 2015 Google imaganizira ngati tsamba likuwerengeka bwino pa foni, ndipo pano imaona kaye mmene likuonekera pa foni isanaone za pa kompyuta. Chithunzi chimodzi cholemera chikhoza kuthamangitsa munthu asanawerenge chilichonse. Chepetsa kukula kwa zithunzi, ndipo adiresi iyambe ndi https.

Malinki abwino nawo alipo, koma amabwera mmodzimmodzi. Wojambula zithunzi za ukwati amene anajambula diresi la amayi akhoza kutchula telala pa tsamba lake. Shopu ya nsalu ku Fordsburg imene mumagulako, mpingo umene munasokera yunifomu ya kwaya, bungwe la eni mabizinesi a m'dera. Malinki asanu otere amaposa zikwi zogula zija, chifukwa kuseri kwa iliyonse kuli munthu amene anaona ntchito ndi maso.

Ulumikize webusayitiyo ku Google Search Console, yaulerenso. Imeneyi ikuonetsa mawu amene anthu analemba asanakupeze, kangati tsamba linaoneka, kangati linadinidwa, ndi pa malo achingati. Uzisunga manambalawa mwezi ndi mwezi. Tsiku limene uzikafunsira ntchito, abwana adzafuna kuona zimenezo: webusayiti inali apa, ndinasintha izi, yafika apa. Achinyamata ambiri amafika ndi satifiketi zisanu opanda tsamba n'limodzi lomwe limene anakweza.

Mayi, tibwerere ku koleji ija. Kuno ku South Africa koleji ya pulayiveti imayenera kulembetsedwa ku Department of Higher Education and Training, ndipo dipatimentiyo ili ndi ndandanda wa makoleji ovomerezeka. Pemphani nambala yawo, mukaifufuze nokha pa ndandandapo, mufunsenso ngati pepala limene adzapereke lili pa NQF, ndandanda wa mapepala a maphunziro ovomerezeka ndi boma. Chaka chilichonse boma limachenjeza za makoleji abodza a m'tauni, okhala ndi chikwangwani chowala ndi mipando yatsopano. Chikomekome cha mkuyu. Ngakhale kolejiyo ikhale yovomerezeka, zimene zingaphunzitsidwe m'masabata 6 zilipo kale kwaulere: SEO Starter Guide ya Google, maphunziro a Google Skillshop, ndi a HubSpot Academy. Ndalama yanuyo ikagula laputopu yogwiritsidwapo ntchito koma yolimba, dzina la webusayiti ndi mabandulo a miyezi ingapo, idzakhala yagwira ntchito yooneka.

Sindikunena kuti sukulu aitaye. SEO payokha ndi mwendo umodzi. Kuyambira May 2024 Google inayamba kuika mayankho olembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira, kutanthauza kuti mafunso ena munthu amayankhidwa osadina tsamba la aliyense. Amene adzakhalitse pa ntchitoyi ndi wodziwanso kulemba Chingerezi chosalala, kuwerenga manambala a anthu olowa pa webusayiti pa Google Analytics, ndi kuyendetsa malonda olipira. Choncho chaka chino afunsirenso malo a marketing kapena IT ku University of Johannesburg, ku Unisa, kapena ku Central Johannesburg TVET College, msanga nthawi isanatseke. Simunandiuze za mapepala ake, ndiye ndingotchula: thandizo la fizi la boma lotchedwa NSFAS ndi la nzika za South Africa ndi okhala ndi chilolezo chokhazikika, ndipo wophunzira wakunja amafunika visa ya sukulu. Makolo ena amene ana anu anabwera ndi MSCE, satifiketiyo imayamba yaunikidwa ku SAQA, bungwe la boma lounika mapepala a maphunzirowo.

Pali mwayi wina umene mnyamatayu ali nawo womwe anzake a m'kalasi alibe. Amayankhula Chichewa. Onyamula katundu kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ogulitsa usipa, chambo chouma ndi mpunga wa Kilombero ku Mayfair, ambiri amangodalira WhatsApp ndi Facebook, ndipo munthu wosakhala nawo m'magulu awo sangawapeze. Akamaliza ya amayi ake, kasitomala wachiwiri ali pomwepo.

Mphwanga, yamba Lolemba ndi Google Business Profile. Pakatha miyezi inayi undilembere, unditumizire manambala a mu Search Console a mwezi woyamba ndi a mwezi wachinayi, ndipo amayi anene ngati pali kasitomala amene analowa pakhomo n'kunena kuti wakupezani pa Google. Tikaona zimenezo tidzakambirana ngati pali kosi yoyenera kuilipirira.