Musasiyane ndi mng'ono wanu chifukwa cha zenera la sitolo

Imelo yanu yandikhudza, achemwali. Mwati inu ndi mng'ono wanu mumapanga makatuni a tizidole, mwini sitolo wina wakupatsani zenera lake kuti mulikongoletse pa Khirisimasi, koma mukangokhala pansi ndi mkangano. Mukufunsa ngati kuli bwino aliyense ayendere yake.

Ayi, musatero.

Inenso ndimagwira ntchitoyi ndi achimwene anga. Tizidole tathu ndi ta waya, dongo ndi tizidutswa ta nsalu. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, koma ife timajambula 12, chilichonse n'kuoneka kawiri. Ndiye kuti mphindi imodzi yokha imadya zithunzi 720. Ndimapinda kamkono pang'ono chabe, ndichotse dzanja, iwo ajambule, ndipindenso. Makatani timatseka n'kuyatsa nyale, chifukwa dzuwa likasuntha chithunzi chimaphethira. Wina akangogunda tebulo, zonse zapita. Tsiku lina ndinapeza kadole kanga atakasintha nkhope osandiuza, ati kanali kokwiya kwambiri. Mtima unandiwawa zedi. Nkhope yawoyo inali yabwino ndithu, koma chinandipweteka n'chakuti anachita ngati mkulu wa pakhomo, pamene ntchito ndi ya tonse. Ndikukhulupirira kuti mng'ono wanunso chikumudya n'chomwecho. Ukulu wobadwa nawo usamalowe m'chipinda chojambulira, ndipo pamenepa sindigonja.

Taonani Max Fleischer ndi mng'ono wake Dave. Anali akatswiri a makatuni ku New York, kenaka ku Miami, koma anafika posalankhulana, ndipo mu 1942 kampani yawo inali itagwa m'manja mwa kampani ya mafilimu ya Paramount. Walt Disney ndi mkulu wake Roy anayamba limodzi mu 1923, nawonso ankakangana, koma aliyense anali ndi mbali yake: Walt nkhani ndi zojambula, Roy ndalama.

Zenera nalonso lili ndi makhalidwe ake, ndipo ndimalikonda kuposa filimu. Wodutsa amangoponya diso akuyenda, choncho pakhale chinthu chimodzi chachikulu chomuimitsa, tinthu ting'onoting'ono tikhale m'munsi pamene maso a mwana amafika. Masana galasi limaonetsa msewu m'malo mwa zam'kati, ndiye muunikire kuchokera m'katimo. Dzuwa limasuwitsa mapepala, ndipo mababu otentha amafewetsa guluu, n'chifukwa chake ife timaika a LED. Mukamaika zinthu, wina aime tsidya lina la msewu azikuuzani zomwe akuona. Munthu mmodzi sangakhale m'zenera ndi panja nthawi imodzi.

Ndiye mutani?

Musanagule ngakhale waya, gwirizanani kuti mawu omaliza pa nkhani ndi tizidole ndi a yani, pa mitundu ndi kuwala ndi a yani. Lembani kagawidwe ka ndalama, mayina onse awiri aoneke pazenerapo. Ndipo mumulole mng'ono wanuyo ayambe ndiye kusankha mbali yomwe akufuna.