Yezani kaye tigalimoto tanu musanabwerere kosindikiza

Achimwene, mwati munatenga pa intaneti chojambula cha galaja ya pepala, munasindikiza n'kumata, koma tigalimoto tanu ta Hot Wheels tikukanika kulowa pakhomo ndipo zipupa zapindika. Ndiye mukufunsa ngati kuli bwino kungogula ya pulasitiki. Musafulumire kugula. Ya pepala ikapangidwa bwino imaoneka ngati galaja yeniyeni kuposa zapulasitiki zonyezimira zija, ndipo ndalama yake ndi yochepa.

Za khomolo, ndikukayikira sikelo. Tigalimoto ta Hot Wheels ndi Matchbox tambiri timakhala cha pa 1:64, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kagalimoto ikuimira masentimita 64 pa galimoto yeniyeni. Koma tinyumba tambiri ta pepala timene tili pa intaneti anatijambulira anthu okonda zidole za sitima, ndipo iwo amakonda sikelo ya HO, yomwe ndi 1:87. Taonani kusiyana kwake: khomo lotalika mamita 2.1 limatuluka masentimita 3.3 pa 1:64, pamene pa 1:87 limangofika 2.4 basi. Pamenepo ka pikapu sikangalowe ngakhale mutakakamiza. Ngati fayilo yanuyo ndi ya HO, muwauze osindikizawo akulitse kufika pa 136 peresenti, ngakhale kuti mbali zina zidzafuna mapepala awiri.

Ngati si zimenezo, ndiye ndi kosindikizira. Anyamata a fotokope amasiya pulinta pa "Fit to page", ndipo imachepetsa chithunzi yokha mosakufunsani, makamaka fayilo ikakhala ya pepala la ku America lotchedwa Letter, lomwe ndi lotambalala pang'ono kuposa A4 yathuyi. Imani pomwepo muone kuti asankha "Actual size" kapena 100 peresenti. Tsamba loyamba lituluke lopanda mitundu, muyeze ndi lula, kenako mulipire za kala.

Koma ine ndingakonde mutajambula nokha. Opanga tigalimoto sasunga 1:64 ndendende: lole amaichepetsa, kagalimoto kakang'ono amakakulitsa, kuti zonse zikwane m'paketi imodzimodzi. Tembenuzani ka Matchbox kapena ka Tomica, tina mupeza sikelo yake yalembedwa kunsi, ndipo manambalawo amasiyana. Choncho tengani kotalika kwambiri ndi kokwera kwambiri mwa tanuto, ndito tikupatseni miyezo. Malo a galimoto imodzi akhale masentimita 4.5 mulifupi ndi 9 mulitali, denga masentimita 5 kapena 6 kuti zala zizilowa potulutsa. Pa A4 yogoneka, yomwe ndi masentimita 29.7, mukwanitsa tigalimoto tisanu ndi kamodzi. Pulogalamu ya pakompyuta yojambulira yotchedwa Inkscape ndi yaulere ndipo imakulolani kujambula m'mamilimita enieni. Chipupa cha njerwa kapena malata adzimbiri mukhoza kungojambula ndi foni pagalaja ya m'dera lanu, mutaima molunjika, dzuwa lisanakwere.

Kupindika kwa zipupa ndi nkhani ya pepala ndi guluu. Pepala wamba la 80 gsm silingaime palokha. Lioneni ngati utoto chabe, chimango chikhale katoni yolimba. Foam board (bolodi yopepuka yokhala ndi thovu louma pakati pa mapepala awiri) ya mamilimita 5 ndiyo yabwino ikapezeka, apo ayi katoni ya nsapato yomata pawiri imagwira ntchito. Guluu woyera wa matabwa ali ndi madzi ambiri, n'chifukwa chake pepala limatupa, ndipo likamauma limakoka katoni mbali imodzi. Pakani pang'ono kwambiri, muwaze ndi kakhadi mpaka paliponse, mumatenso pepala lina kumbuyo kuti mbali zonse zikokane mofanana, kenako mutsindire ndi mabuku usiku wonse musanadule. Sindikizani pa pulinta ya laser, osati ya inkjet. Inki ya inkjet imasungunuka ikakhudza guluu, ndipo m'dzinja chinyezi chokha chimaiwononga.

Podula musagwiritse sizasi, tengani lezala kapena kampeni kakuthwa ndi lula yachitsulo. Popinda, yambani mwadutsitsa bolopeni yotha inki pamzerepo. Ndipo m'mphepete moyera mwa pepala, momwe mwadulamo, pakanimo maka yakuda kapena yotuwa. Kanthu kakang'ono kameneka ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yooneka ngati ya kusukulu ndi imene anthu amaima n'kuiyang'anitsitsa.

Kutsogolo ikaniko pulasitiki yoonekera ija amaika pachikuto cha malipoti, fumbi la mu Okutobala lisalowe. Kachingwe ka LED ka USB kobisa kudenga kamapangitsa utoto wa tigalimoto kuwala bwino madzulo. Galajayo ikhale pashelefu yotalikira chipupa chonyowa, chifukwa mphemvu ndi chiswe zimakonda katoni.

Ngati kunyumbako kuli mwana amene aziseweretsa, iwalani za katoni, matani zosindikizazo pa pulayiwudi. Yezani khomo la imene munapangayo mutiuze masentimita ake, tikuwerengereni peresenti yokulitsira.